Kodi "khululukiranani" ndiye chigamulo? Milandu ya mumpingo ndi ya m'mudzi

Mkulu wa mpingo, Chamama

Moni nonse pagulu pano. Nyengo yokolola yayandikira, ndipo tonse tikudziwa zomwe imabwera nazo: mbuzi m'munda wa soya wa mnansi, ngongole ya feteleza yomwe ankati adzabweza fodya akagulidwa ku Chinkhoma, aganyu osalipidwa, malire omwe anasuntha nthawi younga mizere. Yambiri mwa milandu imeneyi imayamba yafika kwa akulu ampingo isanapite kwa anyakwawa. Chondivuta n'chakuti chigamulo chathu chimangokhala chimodzimodzi: pemphero, nyimbo, "khululukiranani abale", chanza, kwatha. Wolakwiridwa amabwerera kwawo chimanjamanja. Pakapita milungu itatu waleka kubwera kutchalitchi, ife n'kumati wafooka. Kodi Baibulo limaphunzitsadi chonchi?

Mbusa, Kasungu boma

Zikomo akulu ampingo poutsa nkhaniyi. Ayi, siliphunzitsa choncho. Koma tiyambire pa Mateyu 18:15-17, poti ndime imeneyi timaitchula kawirikawiri koma kuitsata mwapatalipatali.

Poyamba wolakwiridwa apite yekha kwa mnzakeyo, awiriwiri. Asatume mwana, asalembe pagulu la WhatsApp la kwaya, asaimbe nyimbo yokuluwika pamtondo. Asakaiperekenso ngati chopempherera pamsonkhano wapakati pa sabata, chifukwa imeneyo ndi miseche yofunda chitenje cha pemphero. Akafika anene chinthu chimodzi chenicheni, tsiku lake ndi kuchuluka kwake. "Mbuzi zanu zinayi zinalowa m'munda mwanga Lachiwiri" munthu atha kuyankha. "Inu banja lanu lonse ndinu achipongwe" palibe angayankhe, ndewu ndiye imayambira pomwepo.

Akakana kumva, atenge munthu mmodzi kapena awiri. Apa ndi pomwe ambiri timaphonya. Awiriwa si ochemerera ayi. Yesu akutsamira pa lamulo la pa Deuteronomo 19:15, loti nkhani itsimikizike ndi mboni ziwiri kapena zitatu. Ntchito yawo ndi kumva mbali zonse, n'kudzanena zomwe amva, ngakhale zitapezeka kuti wodandaulayo ndiye wolakwa. Ukatenga mlamu wako ndi mnzako wapabawo, winayo akangokuonerani patali amadziwa kuti kwabwera nkhondo. Sankhani munthu yemwe iyenso amamupatsa ulemu.

Zikakanika apo ndiye nkhani ipite ku mpingo, kutanthauza bwalo la akulu, osati kulengeza paguwa Lamulungu. Akakana kumveranso mpingo, aonedwe ngati wakunja ndi wamsonkho. Komatu kumbukirani kuti Mateyu mwini wake anaitanidwa ali pamalo okhometsera msonkho. Ndipo pa 2 Akorinto 2:6-8 Paulo akuuza mpingo kuti chilango chakwana, munthu uja mulandireni chisoni chingamumize. Ndiye poimitsa munthu pa mgonero, lembani tsiku lomwe nkhani yake idzaonedwenso ndi mkulu yemwe azimuyendera. Kupanda kutero mwangomutaya.

Katekisiti, Santhe

Abusa mwafotokoza bwino, koma funso la akulu ampingo lagona pa kubweza, ndipo pamenepo Malembo sachita manyazi ndi manambala.

Pa Levitiko 6:1-5 ndi Numeri 5:7, munthu wonyenga mnzake pa chinthu chomwe anamusungitsa, wolanda, kapena wotola chotayika n'kukana, akavomera yekha abweze chonse n'kuwonjezapo limodzi mwa magawo asanu. Kunena kwa lero: anadya K100,000, abweze K120,000. Anabisa thumba la chimanga la makilogalamu 50, abweze 60. Koma wochita kugwidwa ndi wina. Pa Eksodo 22, wakuba ng'ombe n'kuipha kapena kuigulitsa alipe zisanu, nkhosa alipe zinayi, ndipo chiweto chikapezeka chamoyo m'manja mwake alipe ziwiri. M'Mabaibulo ena ndimezi zili pa manambala osiyana pang'ono, musadabwe mukapeza ya ng'ombeyo kumapeto kwa mutu 21.

Taonani nzeru yake. Kuulula wekha n'kotchipa, kudikira kuti akugwire n'kodula. Ife timachita mosemphana: wodziulula timamuchititsa manyazi pamaso pa mpingo wonse, wokana mpaka mapeto amapulumuka poti palibe mboni. Ndiye ndani angaulule?

Chinanso, mu Levitiko muja kubweza kuli patsogolo, nsembe pambuyo. N'chimodzimodzi pa Mateyu 5:23-24: siya mtulo wako paguwa, kayanjane ndi mbale wako, kenako bwera. Zakeyu pa Luka 19:8 analonjeza kubweza kanayi, ndipo mawu a chipulumutso anamveka atatha kunena zimenezo. Sindikunena kuti mphakati uzilipiritsa anthu mbuzi zinayi. Ndikunena kuti chanza chisatsogole katundu asanabwerere kwa mwini wake. Wolakwiridwa akafuna kukhululuka ngongole yonse, ndi ufulu wake, koma achite yekha atamva kale bwalo likunena kuti iye ndiye wolakwiridwa. Akulu asamukhululukire chimanga chomwe sanalime iwo.

Mlembi wa bwalo la agulupu, Wimbe

Akatekisiti mwandilasa mtima. Ndiwonjezepo za kayezedwe, poti milandu ya ziweto imavuta osati chifukwa anthu akukana, koma chifukwa palibe anayeza. Mwini munda amati zatha zonse, mwini mbuzi amati zangonyambita masamba awiri.

Eksodo 22:5 akuti wodyetsa ziweto m'munda wa mnzake alipe ndi zokolola zabwino koposa za m'munda mwake. Zokolola, osati mphwepwa za pansi pa nkhokwe. Kachitidwe kake n'kotere. Tsiku lomwelo, mapazi a mbuzi ndi zitosi zake zisanafufutike, eni ake awiri apite kumundako ndi mboni ziwiri, mmodzi wosankhidwa ndi aliyense. Awerenge mizere yodyedwa, akhome zikhomo kumayambiriro ndi kumapeto kwake, ajambule pafoni ngati ilipo. Asagamule tsiku limenelo. Mitima imakhala ili m'mwamba, komanso chimanga chikadyedwa chikadali chaching'ono nthawi zambiri chimaphukiranso, pomwe soya wodyedwa ali ndi maluwa sabwerera mwakale.

Pokolola, mboni zomwezo zibwere. Akolole mizere 10 yosadyedwa ndi mizere 10 yodyedwa, yotalika mofanana, m'munda womwewo. Tinene kuti yabwinoyo yatulutsa ndowa 3, yodyedwayo ndowa imodzi. Kusiyana ndi ndowa 2 pa mizere 10. Ngati yodyedwa yonse inali 30, chipepeso ndi ndowa 6. Ndowa yake ikhale imodzi yomweyo, ndipo agwirizaniretu ngati ndi yosefukira kapena yosalaza, chifukwa anthu adanapo pa kamutu ka pamwamba pa ndowa. Alipe mbewu, osati ndalama. Mtengo wa mwezi wa Meyi ndi wa Januwale ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndiye mukatchula ndalama mwabzala mlandu wina.

Mayi wa chigwirizano, Mtunthama

Azibambo, zambuzi mwalongosola, tamva. Koma ine ndili ndi dandaulo pa Mateyu 18 yemweyo. Mayi akabwera nkhope yotupa, ena amamuuza kuti Malembo akuti uyambe wakambirana naye awiriwiri. Awiriwiri ndi munthu yemwe wamuthyola dzino? Akapita kwa ankhoswe, mawu ndi omwe aja akuti banja ndi kupirira. Mtsikana wa kwaya akapatsidwa mimba ndi munthu wamkulu, woimitsidwa ndi mtsikanayo poti mimba imaoneka, bamboyo akadali pampando wakutsogolo. Makolo amalandira mbuzi, nkhani yafera m'nyumba. Abusa, ndime imeneyi ilibe malire?

Mbusa, Kasungu boma

Ili nawo amayi, ndipo mwachita bwino kutikoka khutu. Ndimeyi ikunena za abale awiri omwe angathe kukhala pamphasa imodzi wina osaopa mnzake. Pomwe wina ali ndi mphamvu pa thupi la mnzake, pa chakudya chake kapena pa sukulu yake, kumutumiza yekha n'kumupereka kwa fisi. Pa Yohane 8 alembi ndi Afarisi anabweretsa mkazi yekha wogwidwa m'chigololo, mwamuna wake osaoneka, ndipo Yesu sanalole kuti bwalo lotero lipitirire.

Mlangizi wa zamalamulo, Kasungu boma

Nditsindike pomwe amayi agunda, chifukwa apa mpingo ukalakwitsa umalowa nawo m'mlandu.

Pali nkhani zomwe si za bwalo la mpingo, si za ankhoswe, si za anyakwawa. Kugwiririra, kugona ndi mwana, kuvulaza munthu, kupha, kuotcha nyumba. Zimenezi n'zapolisi, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support yoona nkhanza za m'banja ndi za ana. Wogwiriridwa apite kuchipatala msanga, chifukwa mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Akulu akati tidikire msonkhano wa Loweruka, maola aja atha, umboni wa kuchipatala nawonso wafooka. Ngati n'kotheka asasambe kaye, ndipo zovala zisachapidwe. Nkhani ya mwana mutha kuimbanso 116, ndi yaulere.

Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kupereka chiletso choteteza wozunzidwa, ndipo kupempha chiletsocho si kuthetsa banja. Ukwati wa munthu wosafika zaka 18 ndi woletsedwa, lamulo la maukwati la 2015 linatero, malamulo aakulu a dziko nawonso anasinthidwa mu 2017 kuti agwirizane nalo. Choncho chigamulo chakuti "wamuwononga, amukwatire basi" ndi mlandu wachiwiri pamwamba pa woyamba.

Za chuma cha masiye, lamulo la 2011 likuti munthu akamwalira wosasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana, ndi omwe ankadalira iye. Katundu wa m'nyumba amatsala ndi wamasiyeyo, ndipo kulanda ndi mlandu. Kuno kwathu vutoli lili ndi nkhope ziwiri. Kumpoto, mbali za Nkhamenya komwe mabanja ambiri ndi a malowolo, wolandidwa kawirikawiri ndi mayi. Kwa achikamwini, bambo ndi amene amasudzulidwa n'kuchoka ndi kachikwama, kusiya nyumba ya malata yomwe anamanga yekha. Mpingo umakhalapo pamaliro kuyambira usiku woyamba, ndiye uli ndi mwayi womwe boma lilibe: akulu awiri, wachibale wa mbali iliyonse, alembe katundu yense maliro asanaikidwe, njinga, ngolo, ng'ombe, matumba, makhadi a kubanki. Zikavuta, ofesi ya DC ndi Legal Aid Bureau zilipo.

Mlaliki, Chulu

Pepani akuluakulu, ine pano ndikutsutsa pang'ono. Nanga 1 Akorinto 6 tiiika pati? Paulo akudzudzula okhulupirira otengerana kumabwalo a akunja, mpaka akuti kuli bwino kungolola kulakwiridwa. Tikamathamangira kupolisi, dzina la mpingo silinyozeka?

Katekisiti, Santhe

Alaliki, werengani bwino mawu omwe Paulo akugwiritsa ntchito pamenepo. Akunena timilandu tating'ono, ta zinthu za moyo uno, monga ngongole ndi katundu. Pa zimenezo ndikugwirizana nanu kwathunthu: n'zamanyazi akhristu awiri kukwera kabaza mpaka kukhoti chifukwa cha ndowa 6 za soya, thiransipoti yokha kuposa mlanduwo. Koma Paulo yemweyo pa Aroma 13:4 akuti wolamulira sagwira lupanga pachabe, ndi mtumiki wa Mulungu wolanga wochita zoipa. Yemweyonso pa Machitidwe 25:11 anapempha kuti mlandu wake ukamveke kwa Kaisara ataona kuti akufuna kumupereka kwa adani ake. Ndipo mawu akuti lolani kulakwiridwa munthu amadziuza yekha. Sauza mwana wa zaka 13.

Dzina la mpingo limanyozeka tsiku lomwe mudzi wadziwa kuti akulu ankadziwa. Mlandu suwola.

Mlaliki, Chulu

Pa za ana ndagonja. Pa ngongole ndikadaimabe pomwepo, tiziyamba tathana tokha.

Mkulu wa mpingo, Chamama

Pamenepo palibe akukutsutsani alaliki. Koma kuti anthu akhulupirire bwalo lathu, tione omwe amakhalapo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wodandauliridwa ndi amene anagula malata a tchalitchi, wapampando ndi msuweni wake, mlembi ali naye ngongole. Mayi wamasiye alowa bwanji m'chipinda chimenecho?

Mbusa, Kasungu boma

Nkhani isanayambe, wapampando afunse mokweza: alipo pano wachibale, wapaukwati kapena wangongole ndi mmodzi wa awiriwa? Alipo atuluke, ngakhale akhale mbusa. Kenako afunse eni mlandu ngati pali wina yemwe sakumufuna, aliyense aloledwe kukana mmodzi osafunsidwa chifukwa. Otsala asachepere atatu, ndipo ngati mmodzi wa eni mlandu ndi mayi, pabwalopo pakhale amayi, osati mmodzi wongophika tiyi.

Levitiko 19:15 amaletsa mbali zonse ziwiri, kukondera wolemera ndi kukondera wosauka. Yachiwiriyi timaiiwala. Wosauka naye amanama. Miyambo 18:17 akuti woyamba kufotokoza amaoneka wolungama mpaka mnzake atabwera kudzamufunsa, ndiye mkulu yemwe wamva mbali imodzi kunyumba kwake usiku, nkhuku ili m'manja mwa wodandaula, waonongeka kale. Eksodo 23:8 akuti chiphuphu chimachititsa khungu openya. Nkhukuyo ibwerere. Kwa amfumu kuli chabwalo chodziwika ndi aliyense, kumpingo kulibe, ndipo kusakhale.

Chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi Machitidwe 6. Amasiye olankhula Chigiriki ankadumphidwa pogawa chakudya. Atumwi sananene kuti lekani kung'ung'udza. Anavomera kuti vuto lilipo, anauza gulu lisankhe anthu 7, ndipo mukawerenga mayina awo, kuyambira Stefano mpaka Nikolao, onse ndi achigiriki. Mbali yodandaulayo ndi yomwe inapatsidwa mtanga. Yerekezani thandizo la chimanga lafika pampingo, a kumpingo wa kunthambi akuti timadumphidwa. Apatseni iwowo kaundula.

Mlandu ukakhudza mtsogoleri, 1 Timoteo 5:19-20 ili ndi mbali ziwiri: osaulandira popanda mboni ziwiri kapena zitatu, koma ukatsimikizika adzudzulidwe poyera. Ife timagwira yoyamba, yachiwiri timaisintha n'kukhala kusamutsa munthu mwakachetechete. Pa ndalama mboni zake ndi mabuku: owerenga chopereka akhale awiri, osakhala a banja limodzi, asaine onse tsiku lomwelo.

Mlembi wa bwalo la agulupu, Wimbe

Za malire ndipemphe chinthu chimodzi: mpingo usagamule kuti malo ndi a uje. Ulibe mphamvu imeneyo. Malo a makolo ali ndi njira yake, anyakwawa, agulupu, mfumu yaikulu, ndipo lamulo la 2016 linaikanso makomiti a malo ndi mabwalo ake omva madandaulo. Paja Yetero pa Eksodo 18 anauza Mose kuti aike oweruza a anthu 10, 50, 100 ndi 1,000, yovuta yokha ndiyo izikwera. Kulumpha anyakwawa n'kuthamangira kwa mfumu yaikulu kumangochedwetsa, amakubwezani.

Chomwe mpingo ungachite ndi kuuza mkhristu wake kuti kusuntha malire ndi tchimo lotembereredwa pa Deuteronomo 27:17, ngakhale ukhale mzere umodzi pachaka. Mzere umodzi pachaka, pa zaka 10 ndi ndime yathunthu. Malire akagamulidwa, musaike mwala kapena kudalira chulu, mwala umayenda usiku. Bzalani khonje kapena udzu wa vetiva tsiku lomwelo onse akuona, ana a mbali zonse alipo, poti mlanduwu udzabwerera kwa iwowo.

Kwa amfumu anzathu opemphera, nkhani ya Naboti pa 1 Mafumu 21 ndi yanu. Munda uja unalandidwa ndi bwalo looneka lolongosoka, akulu a mzinda atakhalapo, mboni ziwiri zilipo, kusala kudya kutalengezedwa. Zonse zinali m'malo mwake kupatula choonadi.

Mlangizi wa zamalamulo, Kasungu boma

Ziwiri mwachidule. Boma lino ndi la maesiteti a fodya, ndipo mchitidwe wa matenanti unathetsedwa ndi lamulo mu 2021, wogwira ntchito ayenera kulandira malipiro. Deuteronomo 24:14-15 akuti waganyu alipidwe dzuwa lisanalowe, Yakobo 5:4 akuti malipiro obisidwa a okolola amafuula. Mkhristu wouza antchito kuti fodya sanagulidwe bwino pomwe chakhumi wapereka chonona, mpingo umufunse. Akakana, antchitowo aperekezedwe kuleba.

Yachiwiri: kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo la 1911 lomwe likugwirabe ntchito. Mpingo usakhale bwalo lofufuza mfiti, usalole "ulosi" wotchula dzina la agogo a m'mudzi. Mawu otero akatuluka m'tchalitchi amakathera pa nyumba yogumulidwa.

Mayi wa chigwirizano, Mtunthama

Komanso tisamadzione ngati ochepa. Kalata ya maepiskopi a Katolika yomwe inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 inanena za malipiro, za omangidwa popanda mlandu, za mantha olankhula, ndipo chaka chomwecho kunabadwa bungwe la Public Affairs Committee (PAC), la mipingo ndi Asilamu pamodzi. Chaka chotsatira kunali riferendamu. Ngati zinatheka pamaso pa Ngwazi, mwana wa kuno kwathu, sizingakanike pamaso pa wogula malata. Kungoti nafenso tili ndi zathu, nkhani ya malire a masinodi a CCAP a Nkhoma ndi Livingstonia ife a ku Kasungu sitichita kuimva pawailesi.

Funso langa lomaliza ndi ili. Bwalo lagamula kuti abweze K120,000, munthuyo walapadi, koma alibe ngakhale nkhuku. Titani?

Katekisiti, Santhe

Agawireni m'zigawo zogwirizana ndi nthawi yomwe ndalama imapezeka, pokolola soya ndi pogulitsa fodya, osati mwezi ndi mwezi ngati wapantchito ya boma. Wolakwiridwa akalola, gawo lina lilipidwe ndi ntchito yowerengeka, monga kupalira mizere yakutiyakuti pa mtengo wa ganyu wa m'deralo, koma agwire mwini mlandu, osati ana ake. Chowonjezera chija cha limodzi mwa magawo asanu wolakwiridwa atha kuchisiya. Zikakanikabe, pali njira ya Paulo pa Filemoni 18, pomwe anati ngati Onesimo ali ndi ngongole, ilembedwe pa dzina lake. Mphakati kapena chigawo chisonkhe n'kulipira mbali ina, kuti mtolo usagwere wolakwiridwa yekha. Alembi, kalata ya mgwirizano muzilembamo chiyani?

Mlembi wa bwalo la agulupu, Wimbe

Tsamba limodzi lokwana. Tsiku ndi malo. Mayina a awiriwo ndi midzi yawo. Chomwe wolakwa wavomera, m'mawu ake, chiganizo chimodzi kapena ziwiri, popanda "ngati ndinalakwa". Chobwezedwa, kuchuluka kwake m'manambala ndi m'mawu, kuti wina asadzawonjezere ziro. Masiku olipira. Dzina la yemwe azilandira ndi kulemba gawo lililonse likaperekedwa, asakhale wolakwiridwayo, kuti awiriwa asamakumanirane pa ngongole. Komwe nkhani idzapite akalephera kawiri. Tsiku lomwe bwalo lidzakhalenso kuona ngati zatheka.

Ilembedwe m'Chichewa, kapena m'Chitumbuka ngati eni ake ndi a chilankhulo chimenecho, iwerengedwe mokweza onse akumva, kenako asaine kapena adinde chala pamodzi ndi mboni ziwiri. Makope atatu: wina kwa aliyense, wachitatu m'buku la mpingo. Ngati nkhaniyo ikukhudza munda kapena ziweto, wachinayi apite kwa anyakwawa. Pepala la m'kope la mwana wasukulu limatha ndi chiswe mvula imodzi, ndiye lijambuleni pafoni musanabalalike.